Foni ya mwana wanga ndiilande kapena ndimusiyire?

Make Tada: Mwaswera bwanji nonse. Pepani nkhani yangayi siyokhudza za msewu wathu kapena za chitetezo cha usiku zomwe timakambirana muno koma ndasowa kofunsa. Dzulo foni yanga inatha moto nde ndinabwereka ya mwana wanga wa Fomu 3 uja kuti ndiimbire apongozi, potsegula ndangoona gulupu ya atsikana okhaokha pa WhatsApp, dzina ilibe angoikapo kachithunzi ka loko. Zolembedwamo zandiimitsa mutu. Wina akuti musakwere wa kabaza wa jekete yofiira amene amaima usiku pafupi ndi chigayo, amakhotera njira ya kumanda. Wina waponya nambala ya bambo wina akuti uyu akumatumiza zonyansa usiku mubulokeni nonse. Wina akuti ndanyamuka ku Limbe mundiyang'anire, pansi pake pali kamapu kali ndi kadontho kakuyenda. Bambo ake akuti ilandidwe basi mwana aziwerenga JCE inadutsa kale kwatsala MSCE. Ine mtima uli pawiri

Ankolo a pa Golosale: Landani mayi musachedwe. Ife takula opanda foni ndipo tinafika. Kale munthu wofuna mwana wa eni amayamba wadutsa pageti pali galu ndi bambo wa nyumba, pano akulowa mpaka kuchipinda 11 koloko usiku inu mukuliza mkonono

Nabanda: Ankolo ndi ulemu wonse, munafikadi inuyo amuna. Afunseni azichemwali anu kuti anafika bwanji

Ankolo a pa Golosale: Iwe mwana iwe kkkk

Nabanda: Ayi ndikunena zenizeni. Aunt Make Tada chonde musalande. Ine ndili mu magulupu ngati amenewo awiri, ina ya atsikana a kuhositelo kwathu ina ya anzanga a ku sekondale, ndipo imeneyo si gulupu ya chibwana. Kamapu mwaonako ndi kaja ka pa WhatsApp kosonyeza pomwe munthu ali pompo pompo, umasankha kuti kaoneke mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Ukatsika minibasi pa Wenela kapena pa Ginnery Corner kutada nkukwera njinga ya moto ya munthu osamudziwa, umatumiza kamapuko komanso umajambula nambala ya njinga ngati ilipo, nde umalankhula mokweza kuti amve, "eee sisi ndakwera ndatumiza kale nambala yake". Mwa ife amene takhala tikuchita zimenezi tonse tikuuzani kuti munthu amasintha ngakhale kayendetsedwe akangomva choncho

Agogo Nasibeko: Ndikulemberedwa ndi mdzukulu maso anavuta. A pa Golosale musanamize ana. Nthawi yathu zinthuzi zinalipo zambiri zedi, kungoti kunalibe kokanena. Mtsikana akagwiriridwa ndi amalume ake kapena aphunzitsi, akuluakulu amakhala pansi pa mtengo nkugamula mbuzi kapena nkhuku, mwana nkumuuza kuti usatichititse manyazi. Pa chinkhoswe amatiuza kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula. Anzanga angapo anapirira mpaka kumanda. Ndiye ngati ana a lero apeza kokauzana ine sindikuonapo choipa

Madam Chisale: Agogo mwanena. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndikuuzeni, mwana amene wachitidwa chipongwe sayamba kuuza mayi ake, sayamba kuuza mphunzitsi, amayamba kuuza mnzake wa pa desiki. Zakhala choncho kuyambira kale. Chasintha nchakuti mnzake wa pa desiki uja pano ali ndi foni ndipo akudziwa kuti 116 ndi yaulere. Kafukufuku wa boma wa nkhanza kwa ana wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse anachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18, nde tangowerengani atsikana asanu amene amadutsa pa golosale panu mmamawa ndi yunifolomu a Ankolo

Ankolo a pa Golosale: Mmm chiwerengero chimenecho nchowawa. Koma mfundo yanga ikadalipo, foni yomweyo ndi imene akumawakolera anawa

Madam Chisale: Imeneyo sindikukana ayi

Man Kabaza: Ndiloleni nanenso ndiyankhulepo poti ntchito yathu yatchulidwa. Ine ndili pa siteji chaka chachisanu, ndili ndi ana aakazi awiri, zoti pali anzathu ena a mitima yoipa sindingakane tinathamangitsapo mmodzi tokha. Koma tamvani, jekete yofiira pa siteji pathu tili nayo anthu anayi. Meseji ngati imeneyo ikatuluka mu gulupu ya anawo nkufika pa Facebook, anthu a mu Blantyre muno mukuwadziwa safunsa, amangotola miyala ndi matayala. Munthu wosalakwa atha kupsa chifukwa cha mtundu wa jekete. Nde anawa muwauze, akakhala ndi dandaulo abwere kwa tcheyamani wa siteji ndi kholo, tili ndi buku la mayina ndi ma ID a aliyense

Nabanda: Apo ndagwirizana nanu achimwene, nchifukwa chake kwathu tinaika lamulo loti ukachenjeza anzako unene chomwe chinakuchitikira iweyo, tsiku ndi malo, osati "ndamva kuti". Ndipo za mu gulupu sizituluka. Koma zoti mwana wa zaka 15 akaime pakati pa amuna 20 pa siteji nkuloza chala, aaa achimwene inunso mukudziwa kuti sizingatheke. Bwanji muike nambala ya tcheyamani poonekera kuti munthu azitha kungotumiza meseji

Man Kabaza: Imeneyo ndiitengera ku msonkhano Loweruka

Anesi Nagama: Ndangotuluka ku naiti, ndawerenga zonse. Ine ndingowonjezera za kuchipatala poti apa mpomwe foni imapulumutsa moyo weniweni. Munthu akagwiriridwa pali maola 72 okha oti ayambe kumwa PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV, amamwa masiku 28. Akachedwa kupyola apo mankhwalawo sagwiranso. Palinso oteteza mimba omwe nawo amafuna changu. Chimene chimatipweteka ife nchakuti ana ambiri amafika patatha sabata ziwiri, mwezi, ena mimba itaoneka kale, chifukwa kunyumba amayamba kaye aitana ankhoswe ndi amfumu kukambirana zapachiweniweni. Koma amene afika msanga ukawafunsa anakuuza ndani, yankho limakhala "mnzanga ananditumizira pa foni". Ku Queens kuli One Stop Centre, anesi, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu ali pamalo amodzi kuti mwana asamazungulire tauni yonse akubwereza nkhani yake. Ngati nkotheka asasambe kaye ndipo zovala asachape, koma ngakhale atasamba abwerebe asaope. Manambala sungani: 116 ya ana, 5600 ya nkhanza kwa amayi ndi atsikana, onsewo aulere, amayankha a Tithandizane aja a YONECO, ndipo safuna bandulo amagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani

Make Tada: Anesi manambala amenewo ndawaona mu gulupu mwa anawo, anawaika pamwamba penipeni. Ine mayi wake sindimawadziwa

Bambo Mbewe: Ine funso langa ndi la ma peji a pa Facebook awa. Mtsikana akalemba kuti abwana akuti anandigwira mu ofesi, dzina ndi chithunzi poyera, anthu masauzande nkuyamba kutukwana, bambo uja banja latha ntchito yatha mlandu usanafike nkukhothi komwe. Chilungamo chake chili pati pamenepa? Apolisi alipo, Victim Support Unit ilipo pa siteshoni iliyonse, bwanji osapita kumeneko

Nabanda: Bambo Mbewe munayamba mwaperekezako munthu? Ine ndinaperekeza msuweni wanga. Anabwera kuchokera kumudzi ali ndi zaka 19 kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina kuno kutauni, madam akapita ku ntchito bambo aja amabwerera 10 koloko ati ayiwala fayilo. Anauza madam, madam anati ukufuna kundilanda banja. Anauza mayi ake kumudzi pa foni, anati pirira mwanawe ndalama ya feteleza tiitenga kuti. Chomwe anachita, kafoni kake ka itel kosweka galasi anakayatsa kojambula mawu nkukaika mthumba la epuloni uku akusita, bambo aja anayankhula zonse mpaka kutchula ndalama zomwe amuonjezere akavomera ndi zomwe amuchite akaulula. Anatumiza kwa ine usiku womwewo kenako anafufuta mwake chifukwa madam amafufuza foni yake. Titapita kukadandaula ulendo woyamba opanda mawuwo anatiuza kuti kambiranani ndi abwana anu. Titabwerera ndi mawuwo mpando anatipatsa. Sitinaposite pa Facebook ife, koma ndikumvetsa bwino amene amaposita, munthu umatopa nkuuzidwa kuti bwera mawa fayilo sikuoneka pomwe wokulakwira akudutsa pakhomo pako ndi galimoto akuimba hutala

Bambo Mbewe: Pepani ndi zomwe anakumana nazo mwanayo. Koma mwaonatu nokha kuti chinagwira ntchito ndi umboni osati phokoso

Nabanda: Zonse ziwiri zimagwira. Za ku Msundwe mu 2019 mwaiwala? Amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anagwiriridwa ndi apolisi amene, nde akanakadandaula kwa ndani? Anthu sanatseke pakamwa pa Facebook ndi pa Twitter, a Malawi Human Rights Commission anafufuza, a Women Lawyers Association anatengera nkhaniyo ku High Court ndipo mu 2020 khothi linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Pakanakhala zii ngati kale nkhani ija ikanafera kumudzi konko

Agogo Nasibeko: Nanenso ndikumbuke mu Januwale 2012 mavenda atayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kuno. Ine ndinali ndi benchi ya tomato nthawi imeneyo, thalauzi sindinavalepo chibadwire koma tsiku lomwe amayi anasonkhana kuno ku Blantyre kukana zimenezo ndinatseka benchi ndinapita. Uthenga timamvera pa wailesi ndi timameseji ta pa foni. Lero wina atayerekeza kuvula mtsikana mu Limbe nkhope yake dziko lonse liiona dzuwa lisanalowe

Madam Chisale: Koma agogo vuto lake nkhope ya mtsikanayonso dziko lonse limaiona, ndipo imeneyo ndi imene anthu amaikumbukira

Achimwene a Malamulo: Madam mwafika pomwe ndimafuna kulowera. Ine si loya, ndimathandiza anthu za malamulo m'madera, koma izi ndimakumana nazo sabata ndi sabata. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, kumulondalonda ndi mameseji omuopseza, kumutumizira zolaula iye asakufuna. Nde bambo amene akutumizira ana a sukulu zonyansa usikuyo wapalamula kale ngakhale sanamugwire mwana dzanja. Ndipo chiyambire 2017 pomwe anakonza Constitution, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, palibe zoti "koma amaoneka wamkulu" kapena "anavomera yekha". Pomwe anawa amalakwitsa ndi apa, amathamangira kubuloka ndi kudilita chifukwa cha manyazi kapena kuopa makolo. Asanabuloke ajambule sikirinishoti yoonetsa nambala yeniyeni, osati dzina lomwe anasevera ngati "Chitsiru 2" kkk, nambala ioneke ndi tsiku ndi nthawi, chifukwa ma SIM onse analembetsedwa ndi chiphaso cha unzika ndipo apolisi atha kutsata mwini wake. Ajambule msanga chifukwa mbava zimenezi zimatumiza kenako nkufufuta mbali zonse. Asadule pakati kuchotsa zomwe anayankha iyeyo, macheza onse akhale athunthu, ukadula loya wa mbali inayo amakugwirira pomwepo. Atumize kope kwa munthu mmodzi wamkulu amene amamukhulupirira. Tsono za kuposita dzina la munthu poyera ndimawauza kuti samalani, lamulo lomwelo litha kukutembenukira, wina nkukusumira kuti wamuipitsira mbiri, ndipo amene ali ndi ndalama ya loya nthawi zambiri ndi bwana uja osati mtsikana

Nabanda: Nde mwamva Bambo Mbewe, lamulo limathamanga likamateteza mbiri ya bwana, likamateteza thupi la mtsikana limayenda ngati minibasi yodikira kudzaza

Bambo Mbewe: Kkkk mwanayu adzakhala phungu

Anesi Nagama: Pali chinanso chomwe sitikuchinena. Zithunzi za atsikana zikatayika, kaya ndi chibwenzi chakale chapsa mtima chifukwa chakanidwa, amafalitsa ndani? Si ana a Fomu 3 ayi. Ndi ife akuluakulu m'magulupu a mpira, a ku ntchito, ngakhale a kutchalitchi, "mwaiona iyi?" "tanditumizireni ku inibokosi". Muno momwe chaka chatha munalowa vidiyo ya mwana wa eni, mpaka admin anachita kuidilita, ena anali atafunsa kale kuti ndi wa kuti. Ine ndinamuonapo mtsikana wotere atabwera naye atamwa tameki. Wojambula anali mmodzi koma omupha anali onse amene anadina fowadi

Admin: Zoona ndipo ndibwereze, wotumiza zoterozo muno ndimutulutsa osafunsa, kaya ndi mkulu wa mpingo

Achimwene a Malamulo: Ndipo ngati ali pa chithunzipo sanakwane zaka 18, kungochisunga mu foni mwako ndi mlandu kale, osanena zotumiza

Nabanda: Pa nkhani ya zithunziyi atsikana timauzana ziwiri. Akakuopseza kuti nditumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba apo ayi ndimwaza zithunzi zako, usatumize olo 1 kwacha, ukalipira kamodzi wasanduka munda wake azikolola mwezi ndi mwezi. Chachiwiri pali Take It Down ya osakwana zaka 18 ndi StopNCII ya akuluakulu, zonse zaulere pa intaneti. Chithunzicho sichichoka mu foni mwako, makinawo amangopanga kachidindo ka manambala kochizindikiritsa nkutumiza ku Facebook, Instagram, TikTok ndi ena kuti wina akafuna kuchiposita chigwidwe. Pa WhatsApp sizithandiza poti mameseji ake ndi otsekeka, nde kumeneko chitetezo chake ndi anthu okana kufowada basi

Ankolo a pa Golosale: Zonsezi mwana wa sukulu akuzidziwa, ine ndimangodziwa kugulitsa mayunitsi

Madam Chisale: Koma tisawayamikire mafoniwa mopyola. Mukalasi mwanga atsikana okhala ndi foni ya intaneti ndi ochepa, ambiri amabwereka ya amayi awo madzulo, ena bandulo ya WhatsApp yokha imawavuta. Ndipo funso lomwe ndimafunsa makolo nlakuti foni imene mwana wanu ali nayo munagula ndinu? Chifukwa ikakhala yogula "ankolo" a ku Chirimba amene simukuwadziwa, foniyo ndi chingwe. Pasiwedi amaidziwa ndi iye, SIM analembetsa m'dzina lake, akaimba osayankha ndi makofi, akathetsa chibwenzi akuti bweza foni yanga ndi zonse zili momwemo. Kamapu komweko kamene Nabanda akukayamikira, mwamuna wansanje amakagwiritsa ntchito kulondera mkazi, "yatsa ndione uli kuti". Nde mwana wolandidwa foni ndi makolo ake sakhala opanda foni nthawi yaitali, amapeza womugulira ina yobisa, ndipo imeneyo simudzaiona mpaka zitavuta

Make Tada: Iyi tinagula tokha pa Limbe atakhoza JCE

Madam Chisale: Nde musataye mwayi umenewo mayi. Ikani malamulo, nthawi yowerenga foni ikhale pa tebulo, usiku igone kuchipinda kwanu, koma muuzeni kuti gulupu ija mwaiona ndipo simunakwiye

Agogo Nasibeko: Mtsikana uja Memory Banda amene anayankhula mpaka kunja za maukwati a ana, ankagwira ntchito ndi a GENET, bungwe lomenyera ufulu wa atsikana la konkuno ku Blantyre, anayamba ali wamng'ono ngati Tada yemweyu, mng'ono wake atapatsidwa mimba ali ndi zaka 11. Lamulo la 2015 loti ukwati uziyambira zaka 18 atsikana ngati amenewo analikankha nawo. Akanamutseka pakamwa kwawo bwenzi pano tikuti chiyani

Bambo Mbewe: Ine pa za mayina pa Facebook sindinasinthe maganizo, koma za kulanda foni ndabwerera. A Golosale mwatsala nokha

Ankolo a pa Golosale: Ndatsala ndekha ngati mlonda kkkk. Chabwino koma usiku izigona kwa makolo, pamenepo sindisuntha

Make Tada: Abale ndabweranso. Tada wafika ndakhala naye pansi kukhitchini, poyamba analira poganiza kuti ndimukalipira. Kenako wandiuza kuti nambala ya bambo ija anaponya ndi mnzake wa mkalasi, ndipo si iye yekha, atsikana atatu alandirapo mameseji kuchokera ku nambala yomweyo. Ndaiyika mu foni mwanga kuti ndione, dzina latulukira lokha, ndinali nayo kale. Ndi munthu woti timamudziwa mdera muno, ana amapita kwawo madzulo. Manja akunjenjemera

Admin: Mayi musatchule dzina muno chonde, ngakhale ntchito yake. Enanu musayambe kufunsa ku inibokosi

Man Kabaza: Tingomuyendera ife anyamata tikamufunse bwinobwino

Achimwene a Malamulo: Ayi achimwene, mukatero mwamupatsa mpata wofufuta zonse nkutaya SIM, mwinanso mumangidwa ndinu. Asadziwe kanthu. Make Tada ndikuimbirani pompano. Chofunika ndi makolo a ana atatuwo, ma sikirinishoti, kenako Victim Support Unit limodzi, atatu pamodzi savuta kuwamvera kusiyana ndi mmodzi

Anesi Nagama: Ndipo wina afunse anawo mofatsa, payekhapayekha, ngati zinathera pa mameseji pokha. Osawapanikiza, osawafunsa kuti nanga iwe unkayankhiranji. Ngati pali amene anakhudzidwa thupi ndiimbireni ngakhale usiku tipite ku Queens

Make Tada: Vuto mnzakeyo akuti mayi ake asamve, akuopa kuti amumenya nkumulanda foni, akuti bambo ake omupeza amamwa nawo limodzi munthuyo

Madam Chisale: Mayi akewo ndimawadziwa tili limodzi ku banki mkhonde, ndisiyireni ndiyankhula nawo ine kaye mwana asanafike. Za bambo omupezawo tiona pambuyo, asamve lero

Nabanda: Aunt ine ndituluka mkalasi 3 koloko mawa ndidzera kwanu, mwina kwa ine amasuka poti ndine mtsikana mnzawo. Muuzeni Tada awauze onse atatu usiku uno asadilite kalikonse, ngakhale zomwe anayankha iwowo, ndipo amene sanabuloke asabuloke kaye angosiya kuyankha

Make Tada: Ndamuuza, akulemba pano. Achimwene a Malamulo imbani pa ya Airtel, ya TNM netiweki ikuvuta kuno